Mwana Akalakwira Lamulo

Shimabala ali pa mseu waukuru, pakati pa Chilanga ndi Kafue. Usana ndi usiku magalimoto apita pamenepa: mabasi odzala ndi anthu, ndi malole onyamula mkuwa, simenti, shuga, feteleza ndi mafuta. Patsidya pa mtsinje wa Kafue mseu umenewu ugawika pawiri. Nthambi yina ilowera ku Chirundu, ku malire a Zimbabwe, ndipo yina ipita ku Mazabuka mpaka ku Livingstone. Kuyambira m'caka ca 2017 pali cipata pamene oyendetsa magalimoto aima kuti apereke msonkho wa mseu. Motero mwana wa kuno aona cuma cambiri cirikupita pamaso pace tsiku ndi tsiku, angakhale iye mwini wagona ndi njala.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu ambiri azisokoneza. Pali kupulupudza kwa cibwana, ndipo pali kulakwira lamulo. Mwana akaswa mbale, akacedwa ku sukulu cifukwa ca mpira, kapena akathyola mango a kwao asanapemphe, ameneyo wapulupudza, ndipo mlandu wace uthera pakhonde. Palibe munthu wamkuru amene sanacitepo zotere ali wamng'ono. Koma mwana akathyola nyumba ya mwini, akasolola foni m'thumba la munthu pokwerera basi, akagulitsa camba, akalasa mnzace ndi mpeni, kapena akaponya miyala pa galimoto loyenda, pamenepo wafika pena. Walakwira lamulo la dziko lonse, ndipo mlandu wotere sukhalanso wa atate ndi amai okha. Alowapo apolisi ndi bwalo la milandu.

Pa lamulo la Zambia, mwana ndiye munthu ali yense amene sanapitirire zaka 18. Kwa nthawi yaitali mwana wa zaka 8 anali kukhoza kuzengedwa mlandu, ngati kwaoneka kuti anadziwa kuti cimene anacita ncoipa. M'caka ca 2022 Nyumba ya Malamulo inakweza msinkhu umenewu kufika pa zaka 12. Ndiye kuti ambiri a inu amene muwerenga buku lino mwafika kale pa msinkhu woyankha mlandu, kapena mwatsala pang'ono. Nkhani iyi si ya ana a ku Chibolya okha, kapena a m'miseu ya mu Lusaka iai, ndi yanunso.

Anthu akaona mwana wakuba akonda kunena kuti, "Ngwa magazi oipa ameneyu, anabadwa tero," kapena, "Anamlodza." Mau otere ngosabvuta kunena, ndipo apeputsa mtima wa onenawo, cifukwa ngati mwana anabadwa mbala ndiye kuti palibenso wina wolakwa. Koma khanda lobadwa ndi mtima wakuba silinaoneke. Cimene aphunzitsi tiona ndi ana abwino amene asinthika pang'ono pang'ono, monga nsici ya nyumba imene ciswe cirikuidya m'kati, kunja ikali yooneka bwino.

Kumene Bvuto Licokera

Kuti timvetse za ana a dera lathu, tiyenera kudziwa za makolo ao. Njanji inafika ku Kafue m'caka ca 1906, ndipo pa mtsinje anamangapo ulalo wautali mamita 427. Koma mzinda unakula kweni-kweni dziko litalandira ufulu mu 1964, pamene Boma linaganiza kuti Kafue akhale mzinda wa mafakitale. Anamanga fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970, ndi yina yoomba nsalu ya Kafue Textiles, ndi nyumba zambiri za anchito ku Kafue Estates. Ku Chilanga kampani ya simenti inalipo kale cicokere 1949. Anthu anadza kucokera ku Chipata, ku Mongu, ku Kasama, ku Choma ndi kwina konse kudzafuna nchito. Anadza ndi akazi ao ndi ana ao, koma agogo, amalume ndi azakhali ambiri anatsala kumudzi.

Pamene nchito inalipo, malipiro a atate anali kukwanira ufa, zobvala ndi mabuku. Koma m'zaka za 1990 zinthu zinatembenuka. Makampani ambiri a Boma anagulitsidwa, ena anacepetsa anchito, ndipo pambuyo pace fakitale ya nsalu inatsekedwa. Nthawi yomweyo matenda a Edzi anatenga amuna ndi akazi ambiri a msinkhu wolera ana. Ana amasiye anacuruka. Ena analeredwa ndi nkhalamba zopanda mphamvu, ena ndi akuru ao amene anali ana okha-okha. Kumudzi kunali kutali, ndipo m'tauni malipiro anali atatha. Ambiri a ana a masiku amenewo ndiwo makolo a lero, ndipo ena a iwo alikulera ana pamene iwo eni sanaleredwe.

Kumudzi kumene mabanja amenewa anacokera, mwana sanali wa munthu mmodzi. Kwa Acewa anyamata anali kugona m'gowelo, atsikana kukuka kwa agogo ao, ndipo madzulo anali kumva nthano ndi miyambi yophunzitsa khalidwe. Munthu wamkuru ali yense akapeza mwana m'munda wa mwini anali kumdzudzula, ndipo amace sanali kukwiya nazo, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Asoli, Atonga, Alozi ndi mitundu yina nayo inali ndi njira zace zolerera ana pamodzi. Sindinena kuti zonse za kale zinali zabwino. Ana ena anali kumvera cifukwa ca mantha okha. Koma cinthu cimodzi cinalipo cimene m'komboni casowa, ndico maso. Mwana sanali kukhoza kusowa tsiku lathunthu popanda wofunsa kuti ali kuti. Lero anthu oyandikana nyumba mwina sadziwana maina, ndipo ukadzudzula mwana wa mnzako ukhoza kulandira mwano kwa amace.

Tiyerekeze tsono mnyamata wa zaka 12 wokhala ndi agogo ace pafupi ndi mseu. Sitimpatsa dzina, cifukwa anyamata otere ngambiri. Tsiku lina m'nyumba mulibe ufa, ndipo agogo amtuma kukagulitsa cimanga coocha kumseu m'malo mopita ku sukulu. Nkhalambayo siifunira mwana coipa, ndi njala. Mawa lace apitanso. Pakutha masabata awiri abwerera ku sukulu, napeza anzace apita patsogolo pa masamu. Mphunzitsi amfunsa funso, iye alephera, ndipo kalasi yonse iseka. Tsiku lotsatira acoka kunyumba ndi mabuku ace, koma ku sukulu safika. Ici ndico cipata coyamba, ndipo ana ambiri amene afika ku bwalo la milandu analowera pa cipata cimeneci ca kujomba.

Kumseu apeza anyamata okulirapo amene sasowa ndalama m'thumba. Amgulira vitumbuwa, aseka naye, amyesa munthu. Kwa mwana amene kwao amkalipira ndipo ku sukulu amseka, ulemu wotere ukoma kuposa cakudya. Koma cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Posacedwa amuuza kuti, "Taima apa, ukaona munthu uimbe mluzu." Iye saba kanthu, angoimirira, koma madzulo alandira gawo lace. Kenaka ampatsa thumba kuti akasunge kwa agogo ace, popeza palibe amene angaganizire nyumba ya nkhalamba. Pambuyo pace, poti ngwamng'ono thupi, ndiye amene amlowetsa pa zenera. Palibe tsiku limene mnyamatayu anakhala pansi nati, "Lero ndisanduke mbala." Phazi liri lonse linali lalifupi, ndipo linaoneka losiyana pang'ono pokha ndi la dzulo.

Tsono taonani cinthu cimene anthu ambiri saciona. Mnyamata ameneyu akaba waya wa magetsi, citsulo ca pa njanji, batire la galimoto kapena mafuta a m'lole, iye mwini alibe nazo nchito. Sangadye waya. Azitengera kwa munthu wamkuru amene azigula pa mtengo wocepa, osafunsa kumene zacokera, nakazigulitsa pa mtengo waukuru. Kumbuyo kwa mbala yaing'ono kawiri-kawiri kuli mbala yaikuru yobvala bwino, imene igona m'nyumba mwace mwamtendere usiku umene mwana ali pangozi. Akuru otere asankha ana dala, cifukwa mwana salipidwa zambiri, ndipo amnyenga kuti, "Iwe ndiwe mwana, sangakumange." Lamulo liti munthu wolandira katundu, alikudziwa kuti ngwakuba, ali ndi mlandu. Ine ndiyesa kuti mlandu wa munthu wotere uposa wa mwana kutali.

Ndipo amene aberedwa ndani? Anyamata a gulu akonda kunena kuti atenga za anthu olemera, amene sangamve kuwawa. Limeneli ndi bodza. Olemera ali ndi mipanda, agalu ndi alonda. Amene aberedwa ndi mai wamasiye amene anali kusunga nkhuku zisanu kuti agule yunifomu, ndi bambo amene njinga yace ndiyo idyetsa banja. Waya ukadulidwa, mdima ugwera komboni yonse pamodzi ndi cipatala cace. Ndipo alipo ana ndi akuru omwe amene afera pomwepo atagwira waya wamoto.

Mowa ndi camba ziyenda pamodzi ndi gulu lotere. Akuru anu akumbukira tujilijili, timapaketi ta mowa waukali timene tinali kugulidwa ndi ndalama yocepa, ndipo mwana anali kukhoza kutibisa m'thumba la kabudula kapena m'kati mwa buku. Boma linatiletsa mu April 2012. Koma mowa waukali sunathe. Ulipo m'timabotolo, ndipo kacasu aphikidwabe m'makomboni. Lamulo liletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosafika zaka 18, koma si onse ogulitsa amene afunsa zaka. Ana ogona m'miseu ya mu Lusaka anunkhiza guluu ndi mafuta ena kuti asamve njala ndi mphepo. Bungwe la Drug Enforcement Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1989, ligwira ogulitsa camba ndi mankhwala ena oledzeretsa, ndiponso lipereka uphungu kwa amene afuna kuleka. Masiku ano kwabweranso juga ya pa foni, yobecha pa mpira, ndipo ana ena ayamba kutapa ndalama za amai ao pofuna kubweza zimene juga inadya.

Madotolo amene aphunzira za bongo apeza kuti mbali ya kutsogolo, kuseri kwa mphumi, ndiyo imene ithandiza munthu kuima ndi kuganiza asanacite kanthu. Mbali imeneyi icedwa kukhwima. Itsiriza kukula munthu ali ndi zaka pafupi-fupi 25. Ndico cifukwa cace mnyamata acita pamaso pa anzace cinthu cimene sakadacita ali yekha. Mowa ndi camba zifooketsa mbali yomweyi ikali yanthete, kotero kuti mwana woledzera afanana ndi njinga yotsika phiri yopanda mabuleki.

Musaganize kuti umphawi wokha ndiwo ubala mbala. Ana osauka ambiri-mbiri akula osagwirapo ca mwini, ndipo m'nyumba za mipanda ya njerwa muturukanso ana olakwa, amene apatsidwa ndalama ndi foni koma makolo ao alibe nthawi yokhala nao. Cina ndico nkhanza. Mwana amene amenyedwa tsiku ndi tsiku, kapena aona atate ace alikumenya amace, aphunzira kuti mkangano uthetsedwa ndi nkhonya. Ena athawa, nakwera lole kunka ku Lusaka. Atsikana nao ali ndi msampha wao, ndiwo amuna akuru amene awanyenga ndi ndalama ndi mphatso. Pamenepo wolakwa ndi mwamunayo, ndipo lamulo limlanga kolimba. Kuyambira 1997 mtsikana amene watenga pakati aloledwa kubwerera ku sukulu atabereka, ndipo lamulo la 2023 liletsa ukwati wa munthu ali yense wosafika zaka 18, ungakhale ukwati wa mwambo.

Akuru ena ati ana aonongeka cifukwa mkwapulo unaletsedwa m'sukulu mu 2003. Mau ao tiwamve ndi ulemu, koma tifunsenso. Mkwapulo ukadakhala mankhwala, bwenzi ana omenyedwa kwambiri ali ndiwo ofatsa koposa. Koma mukafunsa ana ogona pansi pa milato ya mu Lusaka, ambiri adzakuonetsani zipsera. Mwana afunika kulangidwa ndithu, ndipo mwana wosaletsedwa kanthu ngwomvetsa cisoni. Koma cilango cipindula cikacokera kwa munthu amene mwanayo adziwa kuti amkonda, ndipo cikafanana ndi colakwa cace: wothyola mpanda aumange, wakuba abweze.

Ku Bwalo la Ana

Kale m'maiko ambiri mwana wakuba anali kuweruzidwa pamodzi ndi akuru, naponyedwa m'ndende imodzi ndi zigawenga, ndipo anali kuturukamo ali mbala yeni-yeni. Bwalo loyamba loweruza ana okha linatsegulidwa ku Chicago, ku America, mu 1899. M'dziko lathu lamulo la ana olakwa linalembedwa mu 1956, dziko likali kuchedwa Northern Rhodesia, ndipo linagwira nchito zaka zoposa 60, kufikira linalowedwa m'malo ndi Children's Code Act mu 2022.

Mwana akagwidwa lero, apolisi ayenera kudziwitsa makolo ace kapena womsunga, ndiponso wanchito wa Boma woyang'anira za ana, wa ku Social Welfare. Sayenera kusungidwa m'cipinda cimodzi ndi akaidi akuru. Mlandu wace uzengedwa m'bwalo la ana, m'mene anthu wamba saloledwa kulowa kudzaonerera, ndipo dzina lace sililembedwa m'nyuzipepala. Wa ku Social Welfare afufuza za kwao kwa mwanayo, za sukulu ndi za anzace, nauza woweruza zimene wapeza. Ngati mlandu suli waukuru, ndipo mwana abvomera kulakwa kwace, pali njira yopatutsa mlandu kuti usazengedwe: mwana apepesa, abweza kapena alipira cimene anaononga, alandira uphungu, nabwerera ku sukulu. Njira imeneyi ena aiyesa yatsopano, koma agogo anu aidziwa, pakuti ndi mmene mafumu anali kuweruzira pabwalo. Wolakwa ndi wolakwiridwa anali kukhala pamodzi, nkhuku kapena mbuzi iperekedwa, ndipo onse abwerera kukakhala m'mudzi umodzi. Koma taonani kuti wolipira nthawi zambiri ndi kholo. Nkhuyu zodya mwana zipota akuru.

Mlandu ukakhala waukuru, kapena mwana akabwereza-bwereza, woweruza akhoza kumtumiza ku sukulu yokonzera khalidwe. Ya pafupi ndi ife ndi Nakambala, ku Mazabuka, ya anyamata. Anyamata okulirapo apita ku Katombora, m'boma la Kazungula kupitirira Livingstone, ndipo atsikana ku Insakwe, ku Ndola. Kumeneko aphunzira kuwerenga ndi nchito za manja. Koma musayese kuti ndi malo a chuthi. Kucokera kuno kufika ku Katombora ndi ulendo woposa makilomita 400, ndipo nkhalamba yogulitsa tomato singapeze ndalama ya basi kuti ikaone mdzukulu wace. Tinenenso zoona: zimene lamulo linena sizicitika monse. Malo a ana okha ngocepa, milandu icedwa, ndipo ana ena akhalapo miyezi alikudikira mlandu pamodzi ndi akuru. Mwana wolowa m'menemo cifukwa ca nkhuku imodzi akhoza kuturuka atadziwa kuthyola sitolo.

Ku South Africa kunali mphunzitsi dzina lace Alan Paton, amene pambuyo pace anachuka polemba mabuku. M'caka ca 1935 anaikidwa kukhala mkuru wa Diepkloof, sukulu yokonzera anyamata akuda olakwa pafupi ndi Johannesburg. Anaipeza iri ngati ndende, ya mpanda wa waya waminga ndi zitseko zokhoma usiku wonse. Iye anayamba kutsegula pang'ono pang'ono. Mnyamata akaonetsa khalidwe labwino anali kugona m'nyumba yosakhoma. Akapitiriza anali kuloledwa kukagwira nchito kunja, ndipo pomariza kukaceza kwao ndi kubwera yekha. Anthu ambiri anati anyamata onse adzathawa. Paton anakhala pamenepo zaka zoposa 10, ndipo mwa amene analoledwa kukaceza kwao anathawa ocepa okha. Mwana amene akhulupiriridwa ayesetsa kusataya ulemu umenewo, monga momwe mnyamata wathu uja anayesetsa kukondweretsa gulu limene linamyesa munthu.

Kutseka Njira

Komabe kuongola mtengo mpoyamba. Ku Iceland, cisumbu cozizira ca kumpoto kwa Ulaya, mu 1998 ana 42 mwa 100 ali onse a zaka 15 ndi 16 anabvomera kuti analedzerapo m'mwezi umene unangotha. Pofika 2016 anatsala 5 okha mwa 100. Anthu a kumeneko sanacite ici pomanga ndende. Makolo anapangana kuti azidziwa kumene ana ao ali ndi amene ayenda nao. Ana a zaka 13 mpaka 16 analetsedwa kuyenda-yenda kunja usiku. Ndipo Boma linathandiza kuti ana apeze mpira, nyimbo kapena masewera ena akaweruka ku sukulu. Ife tiribe cuma ca Iceland, koma pangano la makolo silifuna ndalama, ndipo bwalo la mpira lifuna makasu ndi mitengo 6.

Nonse mumdziwa Patson Daka. Anakulira mu Kafue momwe muno, nasewera m'timu ya Kafue Celtic. Mu 2017 anali m'gulu la anyamata a Zambia a zaka zosapitirira 20 amene anatenga cikho ca Africa, ndipo mu 2021 anapita ku Leicester City, ku England. Sindinena kuti nonse mudzafika kumene anafika Daka, otere ngowerengeka. Phindu la mpira liri pena. Nthawi yoopsa kwa mwana ndi ya pakati pa kuweruka ku sukulu ndi kulowa kwa dzuwa, makolo akali ku nchito kapena kumsika. Mnyamata amene ali pabwalo nthawi imeneyo, pamaso pa munthu wamkuru amene adziwa dzina lace ndipo afunsa akasowa, sali kumseu. Kwaya ya ku chalichi, gulu la Masikauti ndi dimba la sukulu zigwira nchito yomweyo.

Pa za sukulu zinthu zapepukako. Kuyambira January 2022 maphunziro m'sukulu za Boma ngaulere kufikira kumapeto a sekondale, ndipo ndalama za Constituency Development Fund zilipirira ana osauka ku sukulu zogonera komweko, ndi acinyamata ofuna kuphunzira nchito za manja. Mabanja osowa kweni-kweni akhoza kulembedwa pa Social Cash Transfer, thandizo limene linayambira ku Kalomo mu 2003. Agogo ambiri sadziwa njira zimenezi cifukwa sawerenga; inu amene muwerenga muwauze, ndipo muwaperekeze kwa khansala kapena ku ofesi ya Social Welfare. Nchito ya manja musaipeputse. Pa Kafue Training Institute, imene amishoni a Methodist anatsegula mu 1918, anyamata anali kuphunzira buku pamodzi ndi khasu ndi sowo, ndipo mmodzi wa ophunzira pamenepo anali Harry Mwaanga Nkumbula, amene anadzakhala mtsogoleri womenyera ufulu wa dziko lino.

Tsono zimene inu eni mungacite. Wina akakupatsani thumba, foni kapena njinga kuti musunge, ndipo safuna kuti akuru adziwe, kanani. Wosunga ndiye apezeka nazo. Kukana pamaso pa gulu nkobvuta, cifukwa cace ndi bwino kukonzeratu mau ndi kucokapo msanga, mkangano usanayambe. Mnzanu wa pa desiki akasowa masiku atatu, muuzeni mphunzitsi. Kutero si kumneneza iai; wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati kwanu kuli nkhanza, kapena munthu wamkuru akukakamizani kuba kapena kucita zonyansa, uzani mphunzitsi, mkuru wa mpingo, kapena apolisi a Victim Support Unit. Pali nambala ya foni yaulere ya ana, 116, imene mukhoza kuimba usana kapena usiku.

Mukamva anthu alikukuwa kuti, "Kawalala! Kawalala!" musatole mwala. Khamu siliweruza, ligwira ali yense wothamanga, ndipo nthawi zina laphapo munthu wosalakwa. Woponya mwala pa mbala nayenso walakwira lamulo, ndipo mbalayo ikafa, mlandu wace ngwakupha munthu.

Kwatsala za mnyamata amene wabwera kucokera ku Nakambala. Tsiku loyamba alowa m'kalasi ali wamkuru kuposa anzace, maso ali pansi. Pensulo ikasowa, onse aceukira kwa iye. Amai ena aletsa ana ao kuyenda naye. M'dera lonse pali gulu limodzi lokha limene limlandira ndi manja awiri, osamkumbutsa za kale, ndilo la anyamata aja a kumseu. Ndipo akasowa pena pokhala adzabwerera kwa iwo sabata isanathe. Mumpatse malo pa desiki, mumbwereke kope kuti alembe zimene zinampita, ndipo posankha timu ya mpira mumchule dzina lace leni-leni, losati lija la kawalala.

MAFUNSO

1. Kodi kupulupudza kwa cibwana kusiyana bwanji ndi kulakwira lamulo? Perekani zitsanzo ziwiri zanu-zanu.

2. Mwana ayamba kuyankha mlandu ali ndi zaka zingati? Nanga caka ca 2022 cisanafike zinali zingati?

3. Fotokozani mmene mnyamata wogulitsa cimanga anafikira polowa pa zenera. Ndi pati pamene agogo, mphunzitsi kapena anzace akadakhoza kumbweza?

4. Cifukwa nciani munthu wamkuru wogula katundu wakuba akonda kutuma ana?

5. Funsani agogo anu kapena munthu wina wamkuru mmene mlandu wa mwana wakuba unali kuweruzidwira kumudzi kwao, ndipo mulembe zimene akuuzani m'kope lanu.